Gitala wa Goodness Wasiya Kulira Ngati Njuchi

Kaluluma, Kasungu

Wokondedwa mlongo wanga Fainess,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joni kumeneko, pamodzi ndi alamu anga. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tonse tili bwino, kungoti chisanu chafika msanga chaka chino.

Dzulo ndikusesa m'chigafa ndinakumbukira chaka china tili ana, tikusoka fodya. Iwe unatenga banjo yanga ya chigubu cha mafuta, ya mawaya a buleki ya njinga, n'kuyamba kuimba. Bambo anabwera ndi mkwiyo, koma anaima pakhomo mpaka nyimbo inatha, kenako anangoti fodya sadzisoka yekha.

Ndikulemba za mwana wako Goodness. Unanena kuti ukufuna kumutumizira tikiti ya basi kuti abwere kumeneko adzagwire ntchito ya m'nyumba, poti zoimbazi n'zotaya nthawi. Iye sakufuna kupita, koma akuopa kukuuza. Tamva kaye zomwe zachitika.

Titagulitsa fodya ndinapita naye ku Lilongwe kukagula gitala wamagetsi, monga malume ake. M'sitolomo munali wofiira wonyezimira, wotsika mtengo, ndipo ine mtima unali pomwepo. Goodness anangomukhudza pang'ono n'kunena kuti nsambo zake zatalikirana ndi khosi, zala zidzatupa. Wina wodula kwambiri, wogulitsa sanafune n'komwe kumutsitsa pakhoma ataona nsapato zathu za fumbi.

Anasankha wapakati, wakuda, wosaoneka bwino kwenikweni. Anamuimba osalumikiza kumagetsi, khutu ataligunditsa pathabwa, kenako anayang'ana khosi lake ndi diso limodzi ngati akusankha mpini. Anandiuza kuti thabwa ndi khosi sizisinthika, koma zamagetsi zimasinthika.

Chomwe sitinaganize n'chakuti m'sitolo muja munali magetsi a m'tauni, pomwe kutchalitchi kwathu timadalira sola ndi inveta, kabokosi kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi. Lamulungu loyamba kumuimba m'tchalitchi, abusa atangoti tipemphere, sipika inayamba kulira ngati njuchi zalowa m'mgolo. Ana anaseka. A Mphepo, mkulu wa mpingo uja sakonda zida zamakono, ananena kuti chinthucho chikadzalirabe pa tsiku lopereka masika, chisadzalowenso m'nyumba ya Mulungu.

Goodness sanadye tsiku limenelo. Koma anafufuza pa foni mpaka anapeza kuti vuto ndi mapikapu, tizitsulo tokhala pansi pa nsambo totola mawu. Ake ankatolanso phokoso la inveta. Panafunika ena a makoyilo awiri, kapena kuti mikulungo iwiri ya waya, oti phokoso likalowa mbali imodzi, inayo imaliletsa. Tinaitanitsa ku Lilongwe, anabwera pa minibasi atakulungidwa m'sokosi.

Atsopanowo anali aakulu kuposa malo ake. Tinapita kwa a Sankhani akalipentala kuti akuze dzenjelo. Fainess, chizulo chitalowa m'thabwa la gitala watsopano ndinatuluka panja, sindinathe kuonerera. A Sankhani ankandiseka kuti ndikuchita ngati mwamuna wodikira kunja kwa chipinda cha amayi oyembekezera. Mawaya anawotcherera yekha Goodness ndi chitsulo chobwereka kwa okonza mafoni, atayamba wajambula momwe akale analumikizidwira. Chala chimodzi chinapsa, osadandaula.

Tsiku la masika tchalitchi chinadzaza, matumba a chimanga ndi mtedza ali mbwee kutsogolo. Goodness analumikiza gitala, nakweza mawu mpaka kumapeto. Kunali zii. A Mphepo anatembenuka n'kufunsa mokweza kuti, “Mwana iwe, wayatsa koma?”

Iye anangokhudza nsambo. Mawu ake anatuluka oyera, onenepa, ndipo kwaya inalowa. Amayi a chigwirizano anaimba nthungululu. Ine misozi inangotsika, sindinaipukute. Potuluka a Mphepo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti sabata yamawa asachedwe, ndipo aphunzire nyimbo za m'buku, osati zodumphadumpha zokhazokha.

Wina anajambula pa foni, kanemayo n'kufika kwa mayi Maureen, amene amatsogolera gulu loimba nyimbo zauzimu ku Lilongwe ndipo akusowa woimba gitala. Ndinali nditawapemphapo kale kuti amve mwanayu, iwo n'kumangoti tidzaona. Tsopano aimba okha foni.

Pempho langa ndi ili, mlongo wanga: tikiti ija usagule. Mulole ayese. Ndipo umuimbire foni, amve kuchokera pakamwa pako kuti wamulola, chifukwa mawu anga a umalume sakumukwanira.

Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa Favour wamng'onoyo. Ambuye akusungeni nonse m'dziko la eni.

Mayi Maureen tikakumana nawo pa Kasungu Boma Loweruka loyamba la mwezi wamawa, m'mawa. Anena kuti abwere ndi gitala yemweyo.

Ndine mlongo wako,
Lameki