Zala za a Nanzunga Zinakana Kudinda

South Bend, Indiana
6 Epulo

Okondedwa achemwali anga a Felesiya,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga a Chimphonda. Bondo lija likuti bwanji? Ngati likuvutabe musanamizire ukalamba, paja inu ndi ine tinangosiyana zaka ziwiri, ndipo ine ndidakali mnyamata. Kuno tili bwino. Chisanu chayamba kutha. Ine ndikukankhabe matilole pa golosale paja, ndipo abwana akuti ndikanamakankha ndi pakamwa bwenzi ntchito ikutha isanakwane naini koloko.

Nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya alamu anu a Nanzunga, akazi anga. Mukudziwa kuti kwathuko anali namwino weniweni, wa kachipewa koyera, koma titafika kuno mapepala awo anangowayang'ana ngati nyuzi yokulungira usipa. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akusambitsa ndi kudyetsa anthu kunyumba yosungirako okalamba. Tsono mu Januwale anakhoza mayeso a unamwino, ulendo wachitatu, ali ndi zaka 57. Chipatala china chinawalonjeza malo, koma chinati chidikira mpaka kutha kwa Malichi basi. Chiphaso cha boma la Indiana chikapanda kutuluka, malowo apatsa wina.

Chinatsala n'chimodzi chokha, kudinda zala kuti boma lione ngati munthu sanapalamulepo. Tili m'galimoto ndinawauza kuti ngati pali mlandu umene anandibisira aululiretu, ine nditsike ndithawe bwinobwino. Iwo akuti mlandu wawo ndi umodzi, wokwatiwa ndi ine, ndipo chilango chake akugwira kale.

Ku ofesiko tinapeza mayi wina wansangala, dzina lake Darlene. Anagwira chala cha a Nanzunga n'kuchiika pa kagalasi. Pa kompyuta panangotuluka chinthu chosalala ngati dzira. Anayesa china, chimodzimodzi, mpaka zonse khumi. Anatembenuza dzanjalo, kuliyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti amasamba m'manja kangati pa tsiku. A Nanzunga anati mwina makumi asanu. Mayi uja anangogwedeza mutu, akuti sopo ndi mankhwala zadya mizere yonse. Anatumizabe zidindozo ku boma, koma patatha masiku anayi yankho linabwera kuti sizikuwerengeka.

Titabwererako, Darlene analamula kuti manjawo apume masabata atatu. Asakhudze sopo, azipakidwa mafuta m'mawa ndi madzulo, azikhala m'magolovesi a nsalu. Kenaka anandiloza ine ndi cholembera.

"Awa ndi amuna anu? Manja ali nawo awiri? Basi, nkhani yatha."

Ndinati dokotala anandiletsa madzi a sopo. Anafunsa kuti dokotala wake uti. Ndinati anamwalira. Anaseka mpaka kugwetsa magalasi, koma chigamulo sanasinthe.

Kuti manja apume, ntchito nayo inayenera kuima. A Nanzunga anatenga masiku onse a tchuthi amene ankasungira ulendo wa mu Juni wokaona amayi awo ku Kasinje. Pepala lopemphera tchuthilo anakhala nalo pathebulo kuyambira m'mawa mpaka masana asanasaine. Atasaina anati zikakanika ulendo uno sadzayesanso, mutu watopa.

Achemwali, ine zaka 33 m'banja sindinkadziwa kuti poto amatsukanso kunja. Tsiku loyamba ndinapsereza nyemba, kabelu ka utsi kakudenga kanalira mpaka anansi anatuluka panja atanyamula mphaka wawo. A Nanzunga ankakhala pampando, magolovesi oyera m'manja, kuloza uku ndi uku ngati wapolisi wa pamsewu. "Bambo a Sungeni, kapu imeneyo mwangoibatiza, simunaitsuke." Ndikabwereza, akuti tsopano yalandira chilimbitso, koma tiyi akadali pansi. Za kubafa musafunse, ndinu achemwali anga.

Ntchito yopaka mafuta inalinso yanga. Tikatha kudya ndinkaika dzanja lawo pa bondo langa n'kumapaka chala chimodzichimodzi. Masiku oyamba ndinkachita nthabwala, kuti ndikupukuta katundu wa boma. Tsiku lina ndinaona kuti kachala kakang'ono ka kumanzere n'kokhota, sikawongoka. Ndinafunsa kuti kanatani. Akuti kuntchito mkulu wina anaterereka m'bafa, iwo anamuwakha, chala chinapanikizika pa chitsulo. Ndinafunsa kuti liti. Akuti papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinati bwanji simunandiuze. Akuti anandiuza, koma ndinali kuonera mpira, ndipo ndinayankha kuti ngakhale goloboyi zala zimakhota.

Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinaona zipsera, ming'alu, khungu louma ngati makoko a chimanga. Manja amenewa ndiwo anandidyetsa chaka chija msana unandigoneka, ndiwo analera Sungeni, ndipo ine ndinali kuwaona koyamba. Ndinangopitiriza kupaka, mutu uli pansi. Iwo anati ndichepetse mafuta, sakupita kokazingidwa.

Masabata atatu atakwana tinapitanso. Pa kompyuta panaoneka timizere pang'ono pa zala ziwiri, ine ndinayamba kale kuvina. Patatha masiku anayi, yankho lomwe lija, sizikuwerengeka. A Nanzunga sanalire. Anawerenga, anavula magolovesi, anawapinda bwinobwino, n'kupita kukatsuka mbale. Ndinawapeza akulongedza mabuku a unamwino m'katoni, akuti akapatse mtsikana wina wa kutchalitchi. Tchuthi chatha, amayi sawaona, malo akupita. Tsiku limenelo m'nyumba munalibe woseka.

M'mawa mwake ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinapita kwa Darlene ndekha. Ndinayala manja anga pa thebulo lake. Ndinati tengani zangazi, zapuma zaka 33, mizere yake ili ngati ya m'munda wa mbatata, mulembepo dzina la akazi anga. Ndinati manja mwawakanawo atembenuza agogo anu ambiri kuposa tsitsi la m'mutu mwanga, ngakhale kuti ine dazi ndi lalikulu. Mawu anayamba kundinjenjemera, ndiye ndinanamizira chimfine.

Darlene anandipatsa kapepala kopukutira mphuno. Kenaka anati ndikhale pansi, nkhani sinathe. Zala zikakanika kawiri, pali fomu ina yopempha kuti afufuze ndi dzina komanso tsiku lobadwa. Ndinadumpha pampando. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene tsiku loyamba lomwe lija. Anati kuyesa kawiri n'kofunika ndithu, sakanalumpha. Kenaka anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Komanso bambo, ndikanakuuzani, mbale zija mukanatsuka?"

Mayi ameneyu ndikuganiza kuti kwawo n'kwathu ku Ntcheu, kungoti sakudziwa.

Fomuyo a Nanzunga anakana kusaina, akuti ndisawapatsenso chiyembekezo chabodza. Ndinawagwadira, achemwali, mawondo onse awiri, ndipo podzuka anachita kundikoka. Anasaina. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankatsegula tsamba la boma pa foni kufuna dzina lawo pa mndandanda wa anamwino, n'kutsekanso. Masiku ankathamanga, Malichi akutha. Pa 27, ndikukazinga mazira, ndinamva akundiitana ndi dzina langa lenileni, Bizwick, limene sanalitchule chikwatiranireni. Ndinadziwa kuti mwina kwagwa maliro kapena chiphaso chatuluka. Anandionetsa foni. Dorika Kachingwe, namwino, ndi nambala yake. Mazira anapserera, kabelu kanaliranso, anansi ndi mphaka wawo anatulukanso, ndipo ulendo uno tinawaitanira m'nyumba kudzamwa tiyi.

Ayamba ntchito Lolemba likubwerali. Mbale ndikutsukabe ine, palibe wandituma. Alamu anga a Chimphonda musawauze zimenezi, angandide inu mukayamba kuwayerekeza ndi ine.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mukwere minibasi mupite ku Kasinje kwa apongozi anga. Pa foni samva, ndipo ine mkamwini sindingawakuwire, ngakhale ndili kutsidya kwa nyanja. A Nanzunga nawo akangomva mawu a amayi awo amalephera kuyankhula. Mukakhale kumbali ya khutu lakumanja. Muyambe ndi yowawayo, kuti mu Juni asayang'ane kumsewu, mwana wawo sabwera chaka chino, ndipo muwafotokozere chifukwa chake osabisa. Akakwiya muwasiye akwiye, ali ndi ufulu. Akatha, muwauze kuti zala za mwana wawo zinatha ndi ntchito mpaka makina analephera kuziwerenga, ndiye boma la kuno linatenga dzina limene iwo anamupatsa, kulifufuza paliponse, osapezapo kachitsotso n'kamodzi komwe. Dzina limenelo ndi limene lamulowetsa ntchito ya unamwino m'chipatala. Zimene ayankhe mudzandilembere zonse, ngakhale zonditukwana.

Mupereke moni kwa amalume a ku Bilila, azakhali, achimwene a Wyson ndi banja lawo, ndi adzukulu onse. Sungeni ndi amuna ake akupereka moni kuchokera ku Texas. A Nanzunga akuti ndilembe kuti amakukumbukirani m'mapemphero, ndipo zina zonse ndalemba pamwambapa muchotseko theka.

Ine mlongo wanu, mwamuna wa anamwino,
Bizwick Kachingwe