Milamba Yowamba ya ku Chanyanya

Nangongwe, Kafue
20 Ogasiti 2023

Okondedwa asisi anga a Naomi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Chipata, inu, alamu ndi ana. Musadabwe kuona kalata ngati kuti foni yanga yagwera mumtsinje. Foni ilipo, koma ndikangoimba Chiko amakulandani, ndipo ndikamva mawu a mwana wanga pakamwa panga pamangotuluka zabwino zokhazokha. Lero ndikufuna ndikuuzeni zoona, ndiye ndasankha pepala poti silidula munthu mawu.

Mukukumbuka kuti ndinalonjeza kubwera kumapeto kwa mwezi uno. Mumandiseka kuti ndinapita ku yunivesite kukaphunzira udokotala wa nsomba, koma ntchito yake sindinakufotokozereni bwino. Mumtsinje wa Kafue muli matenda amene amabwera nyengo yozizira, madzi osefukira akamaphwera. Nsomba zimatuluka zilonda zofiira, zina mpaka mnofu kudyeka. Aprofesa anga ku Lusaka anandituma kuti ndipeze nsomba zodwala makumi atatu zikadali zamoyo, ndizidula kachilonda pamodzi ndi mnofu wake n'kuika m'botolo la mankhwala. Nsomba ikafa n'kukhalitsa padzuwa, kapena ikangolawa moto, chimene tikufunafunacho sichionekanso pa maikulosikopu. Ndikanakwanitsa makumi atatuwo, zolembalemba zotsalazo ndikanadzachitira kwanuko, Chiko ali pamwendo.

Kuyambira Meyi ndakhala ndikupita kudooko la asodzi ku Chanyanya katatu pa sabata. Ndinafika ndi majombo, chipewa ndi kabuku m'manja, ndiye asodzi anangoti wabwera wa boma wodzatseka mtsinje. Ndikafunsa za nsomba za zilonda, onse ankati chibadwire sanazionepo, pamene ine ndikuona ndi maso angawa munthu akuponyera kanthu m'bango bwato lisanafike kumtunda. Sindikuwada ayi. Nanenso ana anga akanakhala kuti amadya za mu ukonde, ndikanabisa. Miyezi iwiri yathunthu ndinapeza nsomba zinayi zokha.

Za kuno kunyumba ndinkakunamizani. Anzanga aja ndinkati timachezerana nawo kulibe. Ndimakhala m'kachipinda ka kuseri, eni nyumba amalawirira ku Lusaka pa minibasi n'kubwerako atatheratu. Kutchalitchi achinyamata amandipatsa moni wa "Ba sista" ali chothamanga kupita ku kwaya. Loweruka lina ndinazindikira kuti tsiku lonse ndalankhula ndi mabotolo anga basi. Ndasungulumwa, asisi, koma ndidandaulire yani? Walira mvula walira matope, ntchitoyi ndinaipempherera ndekha.

Ku Chanyanya munthu mmodzi yekha ndiye sankandithawa. Ndi Ba Beatrice, mayi wachikulire wowamba nsomba, mkazi wa msodzi wina, Ba Shadreck. Ankandipatsa kampando pamene amawambirapo, ine n'kumadikira mabwato utsi uli m'maso. Tsiku lina mu Julayi ndinawaonetsa chithunzi cha Chiko, ndi kuwauza kuti popanda nsomba zodwalazo sindipita kwa mwanayo. Iwo anangopitiriza kusonkhezera moto.

Kenaka chimfine chinandigoneka sabata ndi theka, kudooko osapondako. Lachinayi lina masana ndinamva kugogoda. Potsegula ndinapeza Ba Beatrice ali ndi dengu pamutu, fumbi mpaka m'maondo, atafunsa nyumba ndi nyumba muno mu Nangongwe kuti dokota wa nsomba amakhala pati. Anati anayenda bwato ndi bwato kuwanyengerera amuna aja, kuwauza kuti mtsikanayu si wotseka mtsinje, ali ndi mwana kwawo, mpaka anatolera milamba ya zilonda makumi atatu ndi isanu. M'maganizo ndinali nditakwera kale basi ya ku Chipata.

Anatula dengu n'kuvundukula. Milamba yonse inali yotumbula, yotsuka, yowamba bwino mpaka kunyezimira mafuta. Paliponse pamene panali chilonda anapasema ndi mpeni mwaluso, osasiyako ngakhale kadontho.

"Ba sista, mwasowa masiku yambili, naziba ati mwadwala, sembe zinaola," anatero m'Chinyanja cha kuno, kutanthauza kuti akanapanda kuziwamba zikanaola. "Vilonda vonse nachosa, nataya. Munthu odwala, futi mulendo, sitingamupase vintu voipa. Manje zili che bwino, mungapeleke na kuli ba profesa banu."

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira. Iwo ankayesa ndikulira chifukwa chothokoza, ndipo theka lake zinali zoona, poti chifikireni ku Kafue palibe anali atagogodapo pachitseko changa. Tsiku limenelo sindinawauze kuti nsombazo sizingandithandizenso. Ndinawaphikira tiyi, tinacheza za adzukulu awo, ndipo ndinawaperekeza mpaka pokwerera.

Nditachira ndinakawafotokozera bwinobwino, ndipo mayi aja anagwira pakamwa. Kulakwa kunali kwanga, ndinapempha nsomba osanena kuti ndikufuna chilondacho. Ba Shadreck atamva anayamba kunditenga m'bwato lawo m'mawa uliwonse kuti ndizisankha ndekha ukonde ukamatuluka. Koma tinachedwa, mphepo ya Ogasiti inali itayamba ndipo madzi anali akufunda. Masiku asanu ndi anayi tinavuula maukonde, nsomba zonse zosalala, zina zili ndi zipsera zopola kale. Asodzi ankakuwirana pamadzi kuti mtsinje wachira. Ine ndekha m'bwatomo ndinkatembenuza nsomba iliyonse uku ndikupempha mumtima kuti ikhale yodwala. Ndikuchita nazo manyazi, koma ndi mmene zinalili.

Aprofesa sanakalipe. Anangoti zinayi n'zochepa, ndikhale konkuno ndiziyeza madzi mwezi ndi mwezi mpaka kuzizira kwa chaka chamawa, popeza tsopano asodzi andizolowera ndipo sangazolowere wina msanga. Ndiye sindibwera, asisi. Mwina pa Khirisimasi masiku atatu, koma zimenezo musamuuze Chiko, ndatopa kulonjeza mwana. Milamba ija ndikudya pang'onopang'ono ndekha. Ikukoma kwambiri, ndipo kukomako n'kumene kukundipweteka.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze posunga mwana wanga ngati wawo. Moni kwa ana onse. Chiko mumuuze inuyo kuti sindibwera, mawu ake musankhe nokha, ine ndalephera. Dzulo pamsika ndinamuonera nsapato za kusukulu, zakuda, za lamba monga amakondera. Wogulitsa atandifunsa saizi ndinangoti kakasi, ine amene ndimayeza nsomba tsiku ndi tsiku osaphonya ngakhale milimita. Chonde mumuimike papepala, mujambule phazi lake ndi pensulo, mupatsire kondakitala yemweyu wabweretsa kalatayi.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Emelia