Amayi akudwala khansa, koma mtima uli ku Mutarara

Agogo,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kwa Ndamera ku Nsanje, ndipo ndinkagulitsa nsomba zouma pamsika wa ku Marka. Ndalemba chifukwa cha amayi anga, a Sellina. Chaka chatha anayamba kutaya magazi ndi kumva kupweteka m'chiuno. Anabisa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina anagwa kudimba akukumba mbatata. Kuchipatala cha kuboma anatitumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero.

Chiyambire pamenepo moyo wathu wakhala wa pamsewu. Chithandizo cha kuchipatala sitilipira, koma thiransipoti ya anthu awiri, chakudya changa monga gadiyani, ndi mankhwala ena amene amatilembera kuti tikagule tokha, zatimaliza. Mbuzi zonse zinapita. Mpamba wanga wa nsomba tinadya. Achimwene anga a Fanizo anagulitsa njinga yawo ya kabaza, pano akungodalira maganyu. Chatsala ndi dimba, ndi ng'ombe imodzi yaikazi imene malemu bambo anatisiyira.

Koma Agogo, chimene chikundisowetsa mtendere si umphawi wokha. Amayi anga anabadwira ku Mutarara, ku Mozambique. Anabwera kuno ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo, makolo awo atafera komweko. Amene anawagwira dzanja njira yonse ndi akulu awo, a Priska, ndipo ndi omwewo anawalera kumsasa wa othawa kwawo. Nkhondo itatha a Priska anabwerera, amayi anatsala chifukwa anali atakwatiwa ndi bambo. Ankayenderana mwa apo ndi apo, kenako ankangoimbirana foni, mpaka madzi a namondwe Freddy anakokolola nyumba yathu pamodzi ndi foni imene munali nambala yawo. Kuyambira apo kuli zii. Mayi wina wogulitsa zitenje amene amafika ku Mutarara anatiuza kuti mayi aakuluwo, a Priska, ali moyo, kungoti maso akuwavuta.

Titabwerako ku Blantyre ulendo wathawu amayi anasintha. Pakhomo pathu timasakaniza Chisena ndi Chimang'anja, koma iwo tsopano akungolankhula Chisena chokhachokha. Amakhala pakhonde tsiku lonse, maso ali kunjira ya ku Marka. Ukawapatsa phala amangolawa, amati "takhuta", n'kukankha kapu. Amatchula mayina a midzi imene ine sindinaionepo, ndi anthu amene mwina anamwalira kalekale.

Sabata yatha ndinapita kumjigo m'mawa, pobwera ndinapeza mphasa ilibe munthu. Ndinawapeza kumsewu atakhala pansi pa mtengo wa nimu, kampukutu ka zovala kali pamiyendo, mphamvu zitawathera. Dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Nditawafunsa kumene amapita anandiyang'ana nati, "Sindikuthawa inu, mwananga. Ndikungofuna Priska andisambitse kamodzi ngati mmene ankachitira kumsasa kuja, basi." Ndinawabereka kumsana kubwerera nawo kunyumba, ndipo anali opepuka ngati mwana wanga wamng'ono.

Tsiku limene anatipatsa kuti tikaonekerenso ku Blantyre layandikira. Achimwene apeza kale munthu wa butchala woti agule ng'ombe ija. Nditawauza kuti bwanji ndalamayo tiperekezere amayi ku Mutarara, anakwiya mpaka misozi. Anati, "Ine njinga ndinagulitsa kuti amayi achire. Kuwapititsa kumeneko n'kuwaika m'manda ali moyo." Chiyambire tsiku limenelo sitikulankhulana bwino, chonsecho ndi munthu wabwino, sanadandaulepo ndi kamodzi komwe za njinga yawo.

Ine ndili pakatikati. Nanenso ndikufuna amayi anga aja abwerere, aja ankasinja mapira akuimba mpaka anthu oyandikana nafe n'kumawayankha, aja ankandikalipira ndikachedwa kumsika. Ndikawaona pakhondepo ndimawasowa ali pompo. Koma ulendo wa ku Blantyre umawazunza. Minibasi ikamakwera mapiri a ku Thabwa amasanza njira yonse, ndipo ulendo uliwonse amabwerako atachepa kuposa mmene anapitira. Madokotala amangoti tizibwera. Sindinawafunsepo ngati amayi adzachire, chifukwa ndimaopa yankho lake.

Ng'ombe ndi imodzi, Agogo, maulendo ndi awiri. Ndikamvera amayi, kodi sindikhala kuti ndawapha ndine? Ndikamvera achimwene, amayi n'kutisiya osawaona akulu awo, ndidzakhala bwanji ndi mtima umenewo?

P.L., Ndamera, Nsanje

Mwanawe P.L.,

Pepa kwambiri. Iwe ndi achimwene akowo mwagwira ntchito imene ana ambiri amathawa, ndipo pa awirinu palibe wolakwa. Iwo akugwira amayi ndi dzanja ili, iwe ndi dzanja ilo.

Ndikuuze mosabisa. Mukukangana mumdima chifukwa funso lalikulu simunafunse. Ulendo wa ku Blantyre ukubwerawu musaulumphe, ndipo ukafika limba mtima. Upemphe kulankhula ndi dokotala kapena namwino pambali, akufotokozere m'Chichewa. Funsa kuti chithandizochi n'chofuna kuchiritsa kapena n'chongochepetsa ululu, ndiponso chingachitike n'chiyani amayi atapumula kaye. Ngati n'kotheka, ulendo uno apite nawonso a Fanizo, adzimvere ndi makutu awo. Akamva kwa iwe adzati wawonjezera.

Akati chiyembekezo chilipo, pitirizani, ndipo amayi muwauze chomwecho, chifukwa munthu amapirira msewu akadziwa chimene akuvutikira. Akati matenda anapita patali, usaone ngati mwalephera. Pempha kalata yoti azikalandira mankhwala ochepetsa ululu ndi chisamaliro kuchipatala cha kufupi ndi kwanu. Kusiya maulendo ozunza si kutaya munthu.

Ng'ombeyo musathamangire kuigulitsa kwa munthu woyamba amene wamva kuti muli pa mavuto. Yambani mwafunsa kuchipatala cha kuboma ngati pamakhala galimoto yotenga odwala otumizidwa ku Blantyre. Pitaninso kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndiponso kumpingo kwanu. M'kalata yako sindinaone dzina la mpingo kapena achibale a bambo ako. Kodi munawauza, kapena mwangosenza awiri chifukwa cha manyazi? Kupempha pa matenda si chinthu chochititsa manyazi. Ikafika poti ng'ombe igulitsidwe, igulitseni pamsika pamene ogula achuluka. Dimba lokha musalikhudze, ndi limene lidzadyetse ana ako.

Tsopano za ku Mutarara. Werenganso mawu amene amayi ako analankhula pansi pa mtengo paja. Sanatchule nyumba kapena munda wa kwawo, anatchula Priska. Ndiye bwanji mukuganiza zonyamula wodwala, pamene mungathe kukatenga wamoyo? Maso ovuta saletsa munthu kukwera galimoto ngati pali womugwira dzanja. Pita kwa mayi wa zitenje uja, umupatse nambala yako papepala akaisiye kwa mayi aakuluwo, kuti amayi amve kaye mawu a akulu awo pafoni. Kenako a Fanizo atsagane naye, atatenga zikalata zoyenera za pachipata, akawatenge a Priska. Ulendo wa munthu mmodzi wamphamvu ndi wotchipa kuposa wa wodwala ndi omuperekeza. Komanso achimwene akowo akufuna chochita ndi manja awo. Ukawapatsa ntchito imeneyi, mkwiyo uja uzirala.

Amayi akonso muziwafunsa maganizo. Thupi ndi lawo. Munthu amene ananyamula kampukutu n'kuuyamba ulendo yekha ndi munthu amene akuona kuti pakhomo sakumumva. Khala nawo pakhondepo, uwafunse za midzi imene akutchulayo, ana ako azimvera nawo.

Chenjera ndi zinthu ziwiri. Anthu adzabwera ndi mabotolo a mankhwala amene amati amachiza khansa, ndipo amanunkhiza pamene pagulitsidwa ng'ombe. Usawapatse kanthu, ndipo chilichonse chimene amayi angamwe, dokotala adziwe kaye. Chachiwiri, musadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino. Ine ndaona mabanja ambiri amene amati ndalama yokatenga m'bale palibe, koma tsiku la maliro ndalamayo imapezeka dzuwa lisanalowe. Ngati idzapezeke tsiku limenelo, ipezeni lero, a Priska abwere amayi ako akadali okhoza kuwauza kuti madzi osamba atentha kwambiri.

Agogo