Theka la chithunzi cha pa Bua

Kuno ku Debeni

Okondedwa achemwali anga a Habiba,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi onse pakhomopo. Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Ndinamva kuti Bua anasefukira chaka chino mpaka kugoneka mpunga wa kumunsi. Ndikhulupirira kuti mwapulumutsako wina woti mufike nawo chaka chamawa. Ine thupi lili bwino, maso okha ndiwo ayamba kukangana ndi singano.

Dzanja lomwe mukuliona apali ndi la a Fakiri, anzanga a ku Malengachanzi amene ndimasoka nawo kuno. Mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, osathira shuga. Nawenso Usman mphwanga, poti ndiwe ukawerengere amayi ako, uwerenge zonse, osadumpha pamene pakuwawa. Nkhaniyi sindinafune kuinena pa foni, chifukwa pa foni munthu akakwiya amadula, kenako nkunamizira netiweki.

Inu ndi ine sitinakhale pansi nkulankhulana zenizeni chimwalirire amayi. Si ine ndikanayamba, mukundidziwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mlamu wanu, amake Sabrina, anagwidwa ndi sitiroko chaka chatha. Munamva, koma simunamve kukula kwake. Dzanja lamanja linafa, mwendo amachita kukoka, ndipo mawu amabwera tsiku lina, tsiku lina osabwera. Sabrina, mwana wake uja wa kwa mwamuna woyamba, ali kutali ku Joni ndi ntchito ndi ana ake, amabwera akapeza mpata. Wosambitsa, wodyetsa ndi wotembenuza pogona ndine. Makina osokera ndinawachotsa ku shopu, ali pakhomo la chipinda, kuti akatsokomola ndimve.

Tsopano vuto lina ndi ili. Zaka zonsezi ndakhala m'dziko muno pa pemiti ya ukwati, yongowonjezera ikatha. Iyi ikutha, ndipo tapempha yokhazikika. A ku ofesi yoona za alendo ayankha kuti mwezi wa Ramadhani ukadutsa tipite tonse awiri akatifunse mafunso, aliyense payekha, kuti aone ngati ukwati wathu ndi weniweni. Akuti anyamata ambiri masiku ano amagula maukwati kuti apeze mapepala. Ndiye ine wa imvi zanga ndikaime pamzere umodzi ndi ogula akazi. Akapanda kukhutira, pemiti yathera pomwepo ndipo ndiyenera kutuluka. Mlamu wanuyo sangapirire basi ya kumudzi, komanso mankhwala ake ali kuno. Ndikachoka, sindikudziwa amene adzamutembenuze.

Pali mayi wina, loya, amene amathandiza anthu pa mzikiti wathu. Ndi wamng'ono, msinkhu wa Sabrina, koma ndi munthu wabwino ndipo ntchito yake amaidziwa. Watisonkhanitsa mapepala mpaka fayilo yanenepa ngati mtsamiro. Muli pasipoti, kalata ya a shehe amene anamanga nikaha yathu, ukwati wa ku mzikiti uja, chikalata cha boma cha ukwati, makalata a apolisi, kalata ya dokotala, ndi ya mwini nyumba yonena kuti takhala limodzi. Paliponse ndadinda chala. Anafuna kundiphunzitsa kujambula dzina langa kuti zioneke bwino, ine ndinakana. Chala chomwechi chandiwolotsa malire onse, sichingachite manyazi lero.

Tsiku lina anatiyesa mafunso monga adzachitire a ku ofesi. Anandifunsa tsiku limene mkazi wanga anabadwa, chakudya chimene amakonda, amene amayamba kudzuka. Kenako anafunsa mbali ya bedi imene iye amagona. Achemwali, ndinatola chipewa changa nkuimirira. Zimenezo ngakhale ankhoswe safunsa. A Fakiri, amene ankandimasulira, anandikoka malaya. Mayiyo sanakwiye. Anangonena kuti a ku ofesi adzafunsa zoposa pamenepa, ndipo ndikadzatola chipewa kumeneko adzalemba kuti sindinadziwe yankho. Ndinakhala pansi. Ndinayankha zonse nditayang'ana khoma.

Anandiuzanso kuti nditchule dzina lonse la mkazi wanga. Pamenepo ndinakakamira ngati ngolo m'matope. Chikwatirane sindinamuitanepo ndi dzina, kwa ine ndi amake Sabrina basi. La Rahma, limene analandira polowa Chisilamu, ndimalidziwa, koma la pa chitupa chake ndi lachizulu, lokhala ndi kaphokoso ka lilime kaja. Tsopano ndimalibwereza popalasa makina ngati mwana wa ku madrasa. A Fakiri akuti ndikamalitchula zimamveka ngati ndikuitana nkhuku. Alembe zimenezo, ndi iwo ananena.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chachikulu ndi iye mwini. Masiku ena akadzuka sandidziwa dzina. Amanditchula Mthembu, mwamuna wake woyamba uja, amene anaikidwa m'manda ine ndisanaponde n'komwe m'dziko muno. Tsiku loyamba ndinasiya mbale ya phala pampando nkutuluka panja. Ndinabwerera chifukwa phala linkazizira. Tsopano ndimavomera. Ine Kalilu mwana wa a Ramadhani, amene ndinasiya ntchito ya ku fakitale chifukwa kapitawo ankafuna kundipatsa dzina losavuta pakamwa pake, ndimavomera dzina la munthu wakufa kuti supuni ilowe.

Loya uja atamufunsa kuti mwamuna wake ndani, anayankha kuti Mthembu, uku akuloza ine. Mayiyo anasiya kulemba. Anati kalata ya dokotala itithandiza, koma tisadalire yokhayo. Wofunsa akhoza kuona mlendo amene anapeza mayi wamasiye wodwala, wosadziwa chimene akuvomera. Anati tikufunika chinthu chakale chosonyeza kuti tinali limodzi iye akadali wamphamvu ndi wanzeru zake zonse.

Anayamba ndi kufunsa za ana. Tilibe, ndipo zimenezo inu mukuzidziwa kuposa wina aliyense, poti munazinena kokwanira. Anafunsa za zithunzi. Tinakhuthula masutikesi onse, sitinapeze ngakhale chimodzi chimene tili awiri. Pa nikaha amuna tinali kwathu, akazi kwawo. Pambuyo pake ine ndinkakana kujambulidwa, ndinkati ndi masewera a ana, ndipo mpaka lero ndikuti ndi masewera a ana. Mu foni ya Sabrina muli amake okhaokha, ine mukuoneka msana wanga ndili pa makina. Tinajambulitsa china sabata yatha, iye ali pa mpando, ine nditaimirira pambali. Loya anachiika mu fayilo, koma anati chithunzi chadzulo chimangochitira umboni zadzulo.

Ndiye ndafika pa pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Mukukumbukira chaka chimene ndinabwera naye kumudzi, mpunga utangokololedwa? Tinapita pamathiriro a Bua kukagula mpasa. Panabwera wojambula uja woyenda pa njinga, a Frazer, ndipo amayi anaumirira kuti atijambule. Ine ndinakana, amayi nkunena kuti akadali ndi moyo ndiwamvera. Mlamu wanu ananyamula mpasa ndi manja awiri akuseka, chifukwa nsomba inali isanafe bwino. A Frazer anandigwira mkono nkuuika paphewa pake, nkundiuza kuti ndisauchotse. Chithunzicho chinatuluka ife titanyamuka kale. Iye sanachionepo. Zaka zonsezi akafunsa ndimamuuza kuti chili pakhoma kwathu.

Chili pakhomadi. Ndinachiona nditabwera ndekha ku maliro a amayi, pamwamba pa kabati yanu, mu felemu yaing'ono. Ndilimo ndekha. Mkono wanga wathera pachigongono, ndipo m'munsi mwatsala mchira wa mpasa ndi kansonga ka chitenje. Ndine telala, achemwali, ndimadziwa podutsa lumo ndi podutsa sizasi. Pamenepo panadutsa sizasi, ndipo dzanja silinanjenjemere. Sindinanene kanthu chifukwa panali pamaliro. Inu munaona kuti ndaona, ndipo munandipatsa tiyi.

Sindikufunsa chifukwa chake. Ndikuchidziwa. Munkafuna ndikwatire kumudzi, ndimange pafupi ndi inu, ndisiye ana oti azidzalima dimba la abambo. M'malo mwake ndinatenga mkazi wachilendo, wamwana kale, ndipo ndinakhalira komweko. Inu munasunga amayi nokha mpaka tsiku lawo lomaliza. Zimenezo sindikuzichepetsa. Koma sindipepesa chifukwa chomukwatira, ndipo inunso sindikukupemphani kuti mupepese. Tonse takula, kupepesa kwatipitirira.

Chimene ndikufuna ndi theka linalo. Ndimakudziwani, simutaya ngakhale chitini chobooka. Kudula chithunzi ndi kwina, kuponya nkhope ya munthu pamoto ndi kwina, ndipo sindikhulupirira kuti munafika pamenepo. Yang'anani mu sutikesi ya malemu amayi, kapena pansi pa nsalu zanu za pa Idi, kapena kuseri kwa felemu komweko. Mukalipeza, chotsaninso langa pakhomapo, muike onse awiri mu envulopu imodzi pakati pa makatoni kuti asapindike. Musamate ndi chilichonse. Kulumikiza zodulidwa ndiyo ntchito yanga, ndidzachita ndekha.

Usman akapereke envulopuyo kwa a James, amene amayendetsa katundu wa anthu kuchokera ku Nkhotakota kubwera kuno. Amanyamuka pafupipafupi, ndipo a Fakiri alemba nambala yawo kuseri kwa pepalali. Ifike mwezi wa Ramadhani usanathe. Kujambula pa foni kokha sikukwanira, loya akuti pepala lenilenilo ndi limene limaonetsa ukalamba wake, komanso kumbuyo a Frazer ankadinda chidindo chawo ndi chaka.

Ndinamuuza loyayo kuti chithunzicho ndi chodulidwa. Anati a ku ofesi adzafunsa amene anadula. Ndinati ndidzawauza kuti ndi mlongo wanga, chifukwa sanafune mkazi ameneyu. Anaganiza pang'ono nkunena kuti mwina zimenezo zitithandiza, poti ukwati wogula palibe amene amavutika kudana nawo. Ndiye mukuona, achemwali, ngakhale sizasi yanu ikhoza kukhala mboni yanga.

Ngati munaotcha, nenani kuti munaotcha, musazungulire. Mukatero tumizanibe theka langalo. Ndidzapita nalo ku ofesiko, ndidzaliika pa tebulo, ndidzawauza kuti mkono uwu ukupita paphewa la mkazi wanga, ndipo mchira uwu ndi wa nsomba imene iye ananyamula. Akafuna kuseka aseke. Akandikana, sindidzabwera ndi mapazi anga, adzachita kundinyamula, ndipo tsiku limenelo musadzaphe nkhuku.

Pali chinanso chimene a Fakiri akuti ndisanene, koma ndinena. Dzulo linali tsiku labwino kwa iye, mawu anabwera. Ndinamuuza kuti ndikulembera kumudzi. Sanafunse kuti kumudzi kuti. Anakweza dzanja lamoyolo nkuyamba kuligwedeza ngati akupeta, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anakumbukira momwe munamuphunzitsira kupeta mpunga kuseri kwa nyumba, iye nkutayira theka pansi, inu nkumulanda lichero. Iye mpaka lero amayesa kuti munkasewera naye. Kenako ananena bwinobwino, m'Chichewa chake chothyokathyoka chija:

"Upereke moni kwa alamu anga a Habiba. Uwauze chithunzi chathu asunge bwino."

Dzina langa amalitaya, achemwali. Lanu sanalitayepo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Rashid, muwauze kuti ukonde umene ndinawalonjeza sindinaiwale. Moni kwa mphwanga Usman ndi mkazi wake ndi adzukulu onse, ngakhale amene anabadwa ine kulibe ndipo sadziwa nkhope yanga koma ya pakhomayo. Moni kwa azakhali a ku Nkhunga ngati makutu akuwalolabe kumva, ndi kwa a shehe a pa mzikiti wathu, atikumbukire pa mapemphero a Ijumaa. Mukapita kumanda kukalambula, mulambulenso mbali yanga pa amayi ndi abambo.

Mulungu akusungeni. Ine ndikhala ndikuyang'ana njira ya a James.

Ndine mlongo wanu,
Kalilu Ramadhani
Chala chili m'munsimu ndi changa.