Ndakwecha motoka ya apongozi anga ndi sitiliwulu

Aphungu,

Ine kusukulu sindinapondeko. Akundigwirira cholembera ndi a Clementina a kuseri kwa nyumba yanga, ndipo akulemba uku akuseka, koma ine sindikuseka ayi.

Ndine nkhalamba ya ku Nangongwe kuno, ndinachoka ku Katete kalekale kudzagwira ntchito ya njanji. Mayi a kunyumba anatisiya, ana anabalalika. Amene ali pafupi ndi mwana wanga Febby ndi amuna ake, ba Ackson. Kwawo kulibe mpanda, choncho motoka yawo imagona pabwalo panga. Madzulo akabwera kudzaimika, apongozi angawa amakoka mpando n'kunena kuti, "Atate, dzulo tinalekezera pa sitima ija inafera pamlatho." Aphungu, m'Kafue monse muno amene amamvera nkhani zanga mpaka kumapeto ndi iwo okha. Enawa ndikangotsegula pakamwa, maso ali pafoni.

Tsopano ba Ackson apita kumaliro kumudzi kwawo pa basi, motoka aisiya. Ine kuyang'ana mapulasitiki akuda aja a pabampala ndi m'mbali mwa zitseko, atuwa ndi dzuwa ngati miyendo ya munthu wosadzola. Ndinati ayi, munthu wondilemekeza chonchi ndimudabwitseko. Malemu akazi anga poto wakuda bii ankamuwalitsa ndi phulusa ndi sitiliwulu. Ndiye ndinatenga zomwezo, kukwecha ndi mtima wonse, uku ndikuimba. Ali onyowa ankaoneka bwino zedi. Kuuma kwake, mayo ine! Mizeremizere yoyera, ngati pomwe nkhuku zapalasa.

Ndinathamangira polishi wakuda wa pakhonde, kupaka. Fumbi lonse la mumsewu lakakamira pomwepo, ndipo aliyense woyedzamira akuchokapo thalauza litada. Ba Lemmy, otsuka maminibasi pa siteshoni, anabwera kudzaona. Anagwira pakamwa: "Mudala, mwaipaya motoka! Thirani mafuta a mabuleki, olo muiwaule ndi moto pang'ono, izada."

Nshima sikutsika, aphungu. Ba Ackson ndikuwadziwa, sadzandikalipira. Adzangoti, "Palibe kanthu, atate," mawa lake motoka yapeza kogona kwina. Ndiye pampando paja adzakhalapo ndani? Ndidzayankhula ndi khoma? Febby sindinamuuze, motoka ndaiphimba ndi tenti. Kapena ndingonena kuti akanda ndi ana a m'komboni?

G. Z., Kafue

Bambo G. Z.,

Pepani, koma ndikuuzani mosabisa: pomwe sitiliwulu yadya padyeka, mizereyo siidzatheratu. Chimene mungathe ndi kuizimbaitsa kuti isamaonekere patali.

Yambani ndi kuchotsa polishiyo, dzuwa litapepa, mapulasitiki atazizira. Thirani madzi ambiri musanakhudze, fumbi litsike lokha, chifukwa mchenga ukalowa m'nsalu umakandanso. Kenako tengani madzi ofunda, kasopo kamadzi kotsukira mbale pang'ono ndi nsalu yofewa yoyera. Pukutani mopepuka, muziichapa nsaluyo pafupipafupi. M'timaenje ta pulasitiki gwiritsani mswachi wakale wofewa. Polishi akakana kuchoka, bwerezani, osati kuwonjezera mphamvu. Tsukuluzani, muumitse ndi nsalu ina.

Mukatero pitani kushopu ya zipangizo za galimoto, mukafunse mankhwala obwezeretsa kuda kwa mapulasitiki akunja. Yesani kaye pamalo obisika. Pakakhala bwino pakani pang'onopang'ono, otsala mupukute, osafikitsa pa penti. Amatetezanso ku dzuwa, koma muzibwereza mapulasitiki akayambanso kutuwa.

A Lemmy muwathokoze, koma zawozo musachite. Mafuta a mabuleki amasupula penti, moto umapinda pulasitiki, ndipo pafupi pomwepo pali thanki ya petulo. Parafini nayenso ayi.

Za ana a m'komboni musayerekeze n'komwe. Mizere ya pabampala apongozi anu angaikhululuke, poti mumafuna kuwasangalatsa. Koma akakugwirani bodza limodzi, nkhani zanu zonse za njanji adzayamba kuzikayikira, ndipo apo ndiye mpando udzakhaladi wopanda munthu. Sindingakulonjezeni kuti motoka idzapitiriza kugona kwanu. Komabe itanani Febby lero, muvundukule tentiyo aone. Ba Ackson akabwera, muwaonetse bampalayo nokha asanakhale pansi. Ya sitima ya pamlatho idikire, muyambe ndi ya sitiliwulu, muifotokoze yonse osadumphako.