Fungo la tsamba la tomato

Doha, Januwale 2021

Okondedwa amalume a Walije,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Liwondeko. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah.

Lamulo latsopano litalola kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndinasiya zopukuta magalasi a nyumba zosanja ku Al Dafna kuno ku Doha. Panopa ndikulima tomato m'nyumba zapulasitiki. Musaseke, kuchipululu kunonso kumazizira mwezi uno. Koma moto sitisonkha ayi. Tinakwirira mapaipi pansi kwambiri pomwe nthaka sizizira, ndiye mpweya ukadutsamo umatuluka wofunda, tomato n'kumangonenepa. Nthawi yotentha mapaipi omwewo amaziziritsa.

Ndikaona zimenezi ndimakumbuka kasupe wotentha wa kwathu uja, yemwe timangochapirako zovala. Chonde dimba loyandikana naye musabwereketse munthu, ndili nalo maganizo.

Mnzanga Latifu akakuuzani kuti mu Novembala ndinasowa masabata atatu, musawauze amayi. Ndinagonekedwa m'chipatala ndi korona, mpaka mphuno zinasiya kumva fungo. Zinadutsa, kungoti masitepe ndimakwera mopumira. Dzulo ndinatikita tsamba la tomato m'zala, ndipo koyamba chitulukireni m'chipatala ndinamva fungo lake. Ndinangoima pomwepo ndikununkhiza, mpaka kapitawo anakuwa mondifulumizitsa kuti, "Yalla, Waziri!"

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Waziri