Lamulungu Lathu Alisamutsira Lolemba

Lolemba, 18 Marichi

Atilanda Lamulungu. Ndikulemba ndisanavule n'komwe jekete, mtima ukuwira.

M'mawa tisanatsegule sitolo, Bwana Pyo anatiimika pamzere kutsogolo kwa matilu monga mwa masiku onse. Tawerama, tapereka moni, kenako akuti ali ndi nkhani yabwino. Khonsolo ya mzinda yagwirizana ndi eni masitolo akuluakulu kuti kuyambira Epulo, lamulo lotikakamiza kutseka Lamulungu lachiwiri ndi lachinayi lisintha. Tizitseka Lolemba. "Masiku opuma ndi omwewo, amayi, palibe chimene mwataya." Anadikira kuti tiwombe m'manja. Anawomba okha.

Lolemba ndizipuma ndi ndani? Bambo a Seulgi amafika Loweruka madzulo kuchokera ku Geoje, Lamulungu madzulo basi yawatenganso kubwerera kokawotcherera zitsulo za sitima. Zaka zonsezi ukwati wathu wakhalira masiku awiri amenewa pamwezi. Lamulungu likakhala la ntchito ndimawasiya ali mtulo, pobwera ndimapeza mbale zotsukatsuka ndi nyumba yopanda munthu.

Achemwali Malsuk a pa tilu yoyandikana nane anandinong'oneza kuti, "Ukawauze amuna ako asamutsenso Lamulungu lawo." Ankafuna ndiseke. Sindinaseke.

Lachiwiri, 19 Marichi

Bambo a Seulgi anaimba foni. Takamba za bondo lawo ndi za mvula. Sindinawauze.

Lachitatu, 20 Marichi

Ndamva kuchipinda chodyera kuti bungwe la amalonda a kumsika nalonso linasaina. Wachiwiri kwa wapampando wa bungwelo ndi ndani? Achimwene anga enieni, a Deokman, bere limodzi. Nditaweruka ndinalunjika konko ndi yunifolomu yomwe. Ndinawapeza akusanja nsomba zouma.

"Achimwene, mwasainadi?"

"Takhala kaye pansi. Wadya?"

"Sindinadzere kudya."

Anapukuta manja pa epuloni. Akuti lamulo lija analikhazikitsa kuti liteteze iwo a kumsika, inde, koma ndidzaone ndekha msewu wawo sitolo yathu ikatseka. Zii! Anthu sabwera kumsika, amangodina foni katundu n'kuwafikira pakhomo. Akuti ife tikatsegula, ena amawoloka msewu kudzagula nsomba kwa iwo. Komanso awalonjeza malo oimikapo magalimoto ndi denga latsopano.

"Ndiye mwandisinthanitsa ndi malo oimikapo magalimoto?"

"Iwe Gyeongja, dzina lako panalibe papepalapo."

"N'zimene ndikunenazo!"

Ndinakuwa mpaka amayi a pambalipo ogulitsa kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, anasiya kulongedza. Choipa n'chakuti za msewu wa zii sakunama, ndinauonapo. Koma kunena zoona kwawoko sikundibwezera Lamulungu langa. Alamu anandiikira tinsomba m'jumbo, ine n'kusiya pomwepo ndi matama. Nditafika pa siteji ya basi ndinabwerera kukatenga. Nsombazo sizinandilakwire.

Lachisanu, 22 Marichi

Tinapita ku khonsolo m'mawa ndi a bungwe la ogwira ntchito, nsalu zofiira pamphumi, kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa. Kunatuluka bambo wina wa tayi n'kutiuza kuti "onse okhudzidwa anafunsidwa maganizo." Eni masitolo anafunsidwa. A kumsika anafunsidwa. Ogula anafunsidwa. Ife amene timaima pa tilu mpaka mapazi kutupa, kaya sitikukhudzidwa. Paja amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Apa njovuzo zagwirana chanza, koma udzu wapondedwabe.

Mayi wina wokankha mwana anaima n'kutiyang'ana. "Nanga ife ogwira ntchito sabata yonse tizigula liti?" Achemwali Malsuk anamuyankha: "Loweruka linafa, mwanawe?"

Madzulo ndinaimbira Seulgi ku Seoul kuti andipepese. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndi ndalama za pa tilu yomweyo akuti, "Koma amayi, kunena zoona lamulo limenelo ndi lachikale. Ine kangapo ndafika pasitolo Lamulungu n'kupeza chitseko chotseka." Ndinamufunsa ngati anafa ndi njala tsikulo. Akuti ndikukokomeza. Ndinadula foni, kenako ndinamutumizira uthenga kuti avale zofunda, kukuzizira.

Lamulungu, 24 Marichi

Lomaliza.

Tinadzuka mochedwa. Bambo a Seulgi ndi amene anaphika msuzi wa nsomba za achimwene, mchere wambiri ngati kale, ine osadandaula. Kenako tinakwera kaphiri ka kuseri kwa mafulati. Iwo patsogolo ndi bondo lawolo, kukana ndodo. Pamwamba tinakhala pa benchi, tikusenda malalanje, ndipo ndinawauza.

Anamaliza kudya lalanje lawo. Kenako akuti, "Ndiye ndizibwera kudzacheza ndi firiji?"

Ndinaseka pang'ono. Koma anapitiriza. Akuti ulendowo ndi wautali, msana umawawa, ndipo Lamulungu ku Geoje kumakhala ntchito yowonjezera. Ngati ine kulibe, mwina azingobwera kamodzi pamwezi. Kapena pakakhala tchuthi. "Anzanga ambiri amatero, mayi a Seulgi."

Anzawo ndimawadziwa. Ndimadziwanso akazi awo. Zimayamba choncho, kamodzi pamwezi, kenako pa chaka chatsopano ndi pa nthawi yokolola basi, kenako munthu amabwera kwawo ngati mlendo, kufunsa kumene kumakhala masupuni. Palibe amene amakangana. Ukwati umangozima wokha.

Ndinawauza kuti achite zimene akufuna. Ndinatsika phiri patsogolo, osacheuka. Tsiku lathu lomaliza, ine n'kuliwononga ndi kukwiya, ndipo ndikukwiyirabe Bwana Pyo, khonsolo, achimwene ndi bambo wa tayi uja chifukwa chondikwiyitsa pa tsiku limeneli. Pokwera basi anandigwira phewa. Ndikuopa, ndisabise.

Lachitatu, 27 Marichi

Malamulo atsopano a Bwana Pyo. Popeza Lamulungu ndi tsiku la anthu ambiri, pa matilu azipuma awiri okha. Oyamba kupatsidwa ndi a zifukwa zomveka: ukwati wa mwana, maliro, nsembe ya makolo. Otsala, maere.

Ndinakweza mkono. "Nanga kuona mwamuna wanga?"

Azimayi onse anaphulika kuseka. Bwana Pyo anakonza magalasi. "Mayi Yang, amuna anu akudwala?"

"Ayi."

"Ndiye si chifukwa chimenecho."

Ndiye kuti bambo a Seulgi akanakhala akufa ndikanapatsidwa tsiku lokawathirira mowa pamanda. Popeza ali moyo, adikire.

Lachinayi, 4 Epulo

Maere a pa 14. Tinachita a makwerero aja: mizere yotsika papepala, aliyense kuwonjezera kamzere kopingasa, dzina pamwamba, n'kutsatira ndi chala mpaka pansi. Kale tinkachita amenewa posankha wogula ayisikilimu, tikuseka. Lero panalibe woseka. Azimayi akuluakulu, ena ndi zidzukulu, kuunjikana pa kapepala, kuyang'anitsitsa chala cha mnzawo kuti chisalumphe mzere.

Chala changa chinathera pa "ntchito". Cha achemwali Malsuk pa "kupuma".

Pa nkhomaliro ndinawapempha tisinthane. Ndiwagwirira masiku awiri ena alionse, ngakhale a madzulo.

"Mng'ono wanga, sindingathe. Mwana wanga Jaewon akundiyembekezera ku kampu ya asilikali, amalola alendo kumapeto kwa sabata kokha."

"Usilikali wake utha chaka chino. Mudzamuona mpaka kutopa naye."

"Iwe amuna ako wakhala ukuwaona zaka zingati?"

"Inu n'zosavuta kunena, mulibe woti akusiyeni."

Amuna awo anamwalira Jaewon ali wamng'ono. Anatseka bokosi lawo la mpunga n'kukakhala patebulo lina. Munthu amene wakhala akundigawira kimchi wake kuyambira tsiku limene ndinalembedwa ntchito. Pakamwa panga ndipo panalakwa, ndikudziwa. Koma amene anatiponyera fupa limodzi kuti tilimbirane ali phee ku ofesi, akumwa khofi.

Lolemba, 8 Epulo

Tsiku lopuma latsopano. "Palibe chimene mwataya."

Ndinachapa. Ndinakolopa. Ndinayang'ana wotchi, nthawi isanakwane n'komwe ya nkhomaliro. Seulgi ali kuntchito, bambo ake ali kuntchito, anzanga a kutchalitchi ali kuntchito. Ndinapita ku paki, kunali njiwa ndi madala okhaokha akusewera pa bolodi. Ndinabwerako n'kuchapanso makatani amene sanade.

Lachinayi, 11 Epulo

Ndinasiya malalanje awiri pa tilu ya achemwali Malsuk. Madzulo ndinaona makoko ake m'bini.

Loweruka, 13 Epulo

Bambo a Seulgi sabwera. Akuti mawa kuli ntchito yowonjezera, "nanga iwenso ukhala kuntchito." Ndinati chabwino. Mawu anga anali bwinobwino. Nyama imene ndinagula dzana ndaibwezera mufiriji.

Zimene ndinkaopa zija zayambika.

Lamulungu, 14 Epulo

Lamulungu lachiwiri, zitseko zotsegula. Pakhomo anapachika chinsalu chachikulu cholembedwa kuti tsopano tili nanu Lamulungu lililonse. Bwana Pyo anavala suti yatsopano, akuyendayenda ngati mkwati.

Anthu anadzadza, ndisaname. Mabanja athunthu. Bambo akukankha ngolo, mwana wakhala m'katimo akudya soseji yolawitsa, mayi akuwerenga mitengo. Aliyense ndi Lamulungu lake m'manja, kudzalidyera pamaso panga. Ndinkawerama, kumwetulira, kufunsa ngati akufuna jumbo, m'mtima ndikuwatukwana mmodzimmodzi. Bambo wina anati, "Zakhala bwino kwambiri mwayamba kutsegula." Mazira ake ndinawaika pansi pa chivwende. Kenako ndinawachotsa.

Masana mzere wanga unafika mpaka ku mashelefu a sopo. Sindinkayang'ananso nkhope, manja okha ndi katundu. Mpunga, mafuta, matewera, mowa. Kenako pa lamba wa tilu panabwera kabokosi kamodzi kokha, dayi wa tsitsi. Dzanja limene linakaika linali ndi zipsera za moto.

Ndinakweza maso: bambo a Seulgi. Jekete yawo ya kuntchito, chikwama paphewa, tsitsi litayera m'mbali. Anakwera basi ya m'bandakucha.

"Ntchito yowonjezera ija?"

"Agwire ena."

Bwana Pyo anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinawerama monga timachitira kwa wogula aliyense, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati ali ndi khadi ya sitolo. Anati alibe, akazi awo amawaletsa kugula kuno Lamulungu. Ndinaluma mlomo.

Imvi zawo ndimazidetsa ndine, pabalaza, atakhala pansi pa nyuzipepala, chifukwa ku Geoje akamachepetsa anthu amayambira ooneka okalamba. Tsopano akuti azidzipaka okha.

"Uyu ndi amene umandipaka uja?"

Ndinatembenuza kabokosiko. Wofiirira, wa atsikana.

"Mukufuna akakusekeni? Wakuda, bokosi lobiriwira, shelefu yapansi."

"Ndiye ndikasinthe."

"Mukachoka apa muyambiranso mzere."

"Ndiyambiranso."

Munthu amene wakhala akuliona bokosi lobiriwira lija zaka zonsezi. Sindinafunse ngati analakwitsa dala. Amayi a kumbuyo kwawo anali atayamba kale kutsitsa katundu, akung'ung'udza.

Patapita kanthawi ndinawaona kumapeto kwenikweni, kuseri kwa ngolo zodzadza, kabokosi m'manja. Basi yawo yobwerera inali itayandikira. Sindinagwirepo ntchito mothamanga ngati lero, makina ankangolira motsatizana, Bwana Pyo mpaka anagwedeza mutu mokhutira, osadziwa kanthu.

Kenako anatsegula tilu ya achemwali Malsuk, mtsikana wogwirizira n'kuitana kuti a kumbuyo abwere uku. Anthu anathamangirako ndi ngolo zawo. Mtsikanayo anawakodola. "Bambo, inu muli ndi chinthu chimodzi chokha, bwerani!"

Anapukusa mutu, n'kusuntha chikwama kuchiika phewa lina. Anakhalabe pamzere wanga.